Injini yaikulu pa Hilux yakale: kodi mpamba ubwerera?

Mvula ikangoyamba, nkhani za m'magalaja zimasintha. Kwa Biwi ndi ku Mchesi mu Lilongwe, ku Ndirande ndi ku Limbe mu Blantyre, eni mapikapu amabwera ndi dandaulo limodzi. Galimoto yafooka, pachitunda ikulira ngati ikutsirizika, utsi wakuda uli tolotolo, ndipo dzulo yagona m'matope itasenza matumba a kachewere. Makaniko amamvetsera, n'kupukusa mutu, kenaka n'kutulutsa mawu amene adya kale mipamba ya anthu ambiri: "Bwana, injini iyi ndi yaing'ono. Tiikemo yaikulu."

Kwa munthu amene 4x4 yake ndi yokasangalala nayo kutchire Loweruka ndi Lamlungu, imeneyo ndi nkhani ya iye ndi thumba lake. Koma kwa wamalonda amene galimoto yomweyo ndiyo imatuta tomato ku Bembeke, kachewere ku Tsangano kapena nsomba kunyanja, kuika injini yaikulu nthawi zambiri ndi malonda oluza. Kutheka kumatheka, ndipo alipo amisiri m'dziko muno amene amaigwira ntchitoyi mwaluso. Vuto ndi loti mtengo umene mwini galimoto amauzidwa tsiku loyamba umakhala wa injini yokha, pamene ndalama zambiri zimathera pa zinthu zozungulira injiniyo.

Galimoto imene nkhaniyi imaikhudza kwambiri ndi Toyota Hilux ya 4x4 ya m'zaka za m'ma 1990, makamaka ya LN106 imene inkabwera ndi injini ya dizilo ya 3L. Dzinalo limasokoneza ambiri: 3L si ya malita atatu, ndi ya malita 2.8. Ilibe turbo, imatulutsa horsepower pafupifupi 90, ndipo torque yake, imene ndi mphamvu yopotokola matayala ija, ili cha m'ma 190 Nm. Eni galimoto zotere nthawi zambiri amauzidwa za injini zitatu. Pali 5L, ya malita 3.0, mbale wake wa 3L yemweyo. Pali 1KZ-TE, ya malita 3.0 yokhala ndi turbo, imene imapezeka mu Prado ndi mu Hilux Surf, ya horsepower pafupifupi 130 ndi torque yoyandikira kapena kupitirira 300 Nm. Ndiye pali imene achinyamata amailota kutulo, 1UZ-FE, V8 ya petulo ya malita 4.0 imene inatuluka mu 1989 mu Lexus LS400, ya horsepower pafupifupi 250. Ku South Africa injini imeneyi anthu amangoitchula kuti Lexus V8, ndipo aiika m'mapikapu, m'ma Land Rover ndi m'maminibasi ambirimbiri. Kutchuka kwake kuno kunadzera komweko.

Dandaulo la eni galimoto si lopeka. Injini ya 3L ndi yofatsa kuyambira pachibadwa, ndipo dziko lino ndi lokwera. Injini yopanda turbo imataya pafupifupi magawo atatu pa 100 alionse a mphamvu zake pa mamita 300 alionse amene yakwera, chifukwa mpweya umapepuka. Lilongwe ali pa mamita opitirira pang'ono 1,000, Dedza cha m'ma 1,600, ndipo ku Nyika ndi kopitirira 2,000. Pikapu imene ikuyenda bwinobwino ku Nsanje kapena ku Salima imafika ku Dedza itasiya gawo la mphamvu zake m'njira. Turbo imachepetsa vutoli chifukwa imakankhira mpweya mu injini mokakamiza. Pamenepa amene amayamikira 1KZ-TE ali ndi mfundo, ndipo palibe chifukwa chowatsutsira.

Koma funso loyamba si la kukula kwa injini. Ndi loti injiniyo ikufooka chifukwa ndi yaing'ono kapena chifukwa yatha. Hilux ya LN106 inasiya kupangidwa cha m'ma 1997, kotero iliyonse imene ili pamsewu lero yadutsa zaka 25, ndipo yambiri yadutsanso m'manja mwa anthu angapo amene ankasintha oyilo akakumbukira. Maringi akatha, manozulo akayamba kudontheza dizilo m'malo mopopera, pampu ikasokonekera nthawi yake, fyuluta ya mpweya ikatsekeka ndi fumbi la m'chilimwe, injini imene inali ya horsepower 90 imatsala ndi zochepa kwambiri. Mwini wake amafanizira injini yodwala ndi injini yaikulu yamoyo, n'kuganiza kuti kusiyana konseko ndi kwa malita. Kuyeza kompuresheni ndi kupita ndi manozulo kwa oyeza mapampu a dizilo ndi ntchito ya tsiku limodzi, ndipo mtengo wake sufika pa kachigawo kakang'ono ka mtengo wa injini. Chodabwitsa n'chakuti ambiri amalumpha zimenezi. Makaniko amene akuuza munthu kuti agule injini ina asanaike choyezera pa yakaleyo akulosera, ndipo akulosera ndi ndalama za mwini wake.

Palinso matayala. Eni 4x4 ambiri amaika matayala aakulu kuposa amene galimoto inabwera nawo pofuna kuti ikwere m'mwamba ndi kuoneka yaukali. Tayala lalikulu limatalikitsa magiya onse, kotero giya imene inkakwera chitunda mosavuta imayamba kulephera. Galimoto yotereyi siinafooke ayi, aifooketsa.

Nanga m'matope muja? Apa mpamene ambiri amanamizidwa kwambiri. Galimoto ikatitimira pamsewu wa ku Neno kapena m'madambo a ku Mchinji, kawirikawiri matayala amakhala akuzungulira pamalo amodzi, akumwaza matope. Tayala lozungulira chomwecho likusonyeza kuti mphamvu ilipo yokwanira, chimene chikusowa ndi pogwira. Giya ya low ya Hilux yakaleyi imawirikiza kale mphamvu yofika kumatayala kawiri ndi kupitirira pang'ono, pa 2.28 kwa 1. Kuwonjezera horsepower pamenepo kumangothandiza kukumba dzenje msanga. Zimene zimatulutsa galimoto m'matope ndi matayala a mano abwino, kuchepetsa mpweya m'matayala pofika pamalo oipa, mahabu akutsogolo amene akulowa bwino, difu yokhoma ngati thumba likulola, ndi dalaivala wodekha phazi. Ndi 4x4 zambiri zimene zimayenda chaka chonse shafiti yakutsogolo itachotsedwa kapena habu imodzi itafa, eni ake osadziwa kuti akuyendera matayala awiri okha mpaka tsiku lotitimira.

Tsono mwini galimoto akalimbikirabe zosintha, ayenera kudziwa kuti injini zitatu zija si msika umodzi.

Ya 5L ndi yosavuta. Ndi ya banja limodzi ndi 2L ndi 3L, imagwirizana ndi giyabokosi yomwe ilipo, ndipo zomangira zambiri zimalowa m'malo mwake. Ubwino wake waukulu uli pamsika wa zipangizo: injini za banja limeneli zayendetsa maminibasi a Hiace kwa zaka zambiri, kotero gasiketi, maringi, lamba wa tayiming'i ndi pampu ya madzi zimapezeka ku Malangalanga, ku Ndirande, ku Mzuzu, ngakhale m'maboma ang'onoang'ono, ndipo makaniko wa pansi pa mtengo amaidziwa ngati chikhatho chake. Zoyenera kusamala ndi ziwiri. Injini yochokera mu Hiace imasiyana ndi ya mu Hilux pa sampu ndi zina zakunja, choncho yakaleyo isagulitsidwe msanga chifukwa zina zidzachotsedwa pamenepo. Ndipo 5L-E, ya chilembo E kumapeto, ili ndi pampu yoyendera kompyuta, imene singalire popanda bokosi lake ndi mawaya ake. Mphamvu yowonjezereka pa 5L ndi yochepa, horsepower zingapo chabe. Amene amati galimoto yasinthiratu ataika 5L kwenikweni akumva kusiyana kwa injini yatha ndi injini yamoyo.

Ya 1KZ-TE ndi nkhani ina. Torque yake imaposa ya 3L ndi theka kapena kupitirira, ndipo mphamvu yonseyo imadutsa mu kilatchi, giyabokosi, mashafiti, madifu ndi ma CV joint amene anapangidwira injini yofatsa. Giyabokosi za G52 ndi G58 zimene zili m'ma Hilux ambiri a dizilo a nthawi imeneyo ndi zopepuka. Kampani ya Toyota yomwe inkaphatikiza 1KZ-TE ndi giyabokosi zolimba za mtundu wa R, monga R150F ndi R151F, ndipo inali ndi chifukwa. Kusintha giyabokosi kumabweretsa zake: chomangira chapansi chisunthe, mashafiti adulidwe kapena atalikitsidwe n'kuwalinganiza kuti asamanjenjemere, ndodo za magiya zitulukire pabowo lina. Pamwamba pa izo pali kompyuta, mawaya, ekizozi ndi njira ya mpweya. Chimene chimapha 1KZ-TE chimadziwika kulikonse kumene injiniyi inafika: hedi yake ndi ya aluminiyamu, ndipo ikangotentha kwambiri kamodzi imang'aluka. Kuiika kumbuyo kwa radiyeta yakale ya 3L, yodzaza dzimbiri ndi madzi a pachitsime, n'kuisenzetsa katundu pa zitunda za Chiweta mwezi wa Okutobala, ndiko kuitana hedi yatsopano mwezi usanathe. Radiyeta yaikulu, fani yogwira bwino ndi geji ya kutentha yonena zoona si zokongoletsera pa ntchito imeneyi. Zikasowa pa pepala la mtengo, mtengowo ndi wabodza.

Ya V8 ndiyo imakopa kwambiri, ndipo injiniyo payokha ilibe mlandu. Ndi imodzi mwa injini zolimba zimene Toyota inapangapo, ndipo poti buloko yake ndi ya aluminiyamu, siilemera monga mmene kukula kwake kumaonekera. Koma inapangidwira galimoto ya mabwana yoyenda pa tala ku Japan ndi ku America. Alitaneta yake ili mmunsi, pamene matope ndi madzi a mumtsinje amafikira poyamba. Sitata yake inabisidwa pakati pa V, pansi pa manifodi, kotero kuisintha kumafuna kuphwasula pamwamba pa injini. Sampu ilipo ya mitundu ingapo, ndipo yolakwika imagunda difu yakutsogolo galimoto ikadumpha bampu. Kuchoka ku dizilo kupita ku petulo kumafuna kutsuka thanki, kuika pampu ya mafuta yamphamvu ndi mapaipi ena. Mawaya ndiye mutu waukulu. Za kuyambira 1997, zokhala ndi VVT-i, n'zovuta kwambiri kulumikiza, ndipo n'chifukwa chake ku South Africa ambiri amagula mabokosi apadera ngati a Spitronics. Kumeneko bokosi likavuta munthu amapeza wolikonza mumzinda womwewo. Kuno likavuta galimoto ili ku Nthalire, katundu amaolera pomwepo.

Apa pali chinthu chimene wamalonda wakumudzi amachidziwa kuposa wa m'tauni. Injini ya 3L ya pampu wamba ikalira, imangofuna waya umodzi wa magetsi wopita kupampu kuti ipitirize. Batire ikafooka, anyamata anayi a pamsika amaikankha pakamtsetse n'kulira. V8 zambiri zimabwera ndi giyabokosi ya otomatiki, imene siikankhika.

Mafuta ndiwo amamaliza mlandu. Mwini galimoto aliyense angathe kuwerengera yekha ndi manambala ake, koma chitsanzo ndi ichi. Pikapu yoyenda makilomita 600 pa sabata, ngati ikumwa malita 10 pa makilomita 100 alionse, imafuna malita 60. Injini yatsopano ikakweza kamwedwe kufika pa malita 16, sabata yomweyo ifuna malita 96. Kusiyana kwake ndi malita 36 pa sabata, ndipo pa chaka ndi malita 1,872, migolo isanu ndi inayi ya malita 200 ndi kupitirira. Achulukitse nambala imeneyo ndi mtengo umene bungwe la MERA lalengeza, kenaka adzifunse kuti ndalamayo ichokera pa thumba liti la kachewere. Wogula pamsika wa Lizulu sawonjezera ngakhale kwacha imodzi chifukwa choti katundu wabwera pa V8. Ndipo m'nyengo za mizere ya mafuta, zimene dziko lino laziona mobwerezabwereza m'zaka zapitazi, galimoto yakumwa kwambiri imathera masiku ambiri pamzere kuposa pamsewu.

Ena amati injini yaikulu idzabweza ndalamazo ponyamula katundu wochuluka. Mfundo imeneyi ndiyo yoopsa kuposa zonse. Kulemera kumene galimoto ikuloledwa kunyamula kunalembedwa pa kachitsulo ka pa bodi, ndipo kumachokera ku chasisi, masipuling'i, maekiselo, matayala ndi mabuleki. Injini siisintha nambala imeneyo. Injini yofooka inali ngati mlonda: katundu akachuluka inkakana kukwera, mwini wake n'kutsitsako matumba. Yamphamvu imakwera nawo bwinobwino, ndipo mavuto amadikira kuseri kwa phiri. Kutsika Khwekhwelere kupita ku Golomoti, kutsika mapiri a ku Chikwawa kuchokera ku Blantyre, kapena makhona a Golodi pakati pa Livingstonia ndi Chitimba, ndi ntchito ya mabuleki ndi magiya. Mabulekiwo ndi omwe aja a 1990, a madiramu kumbuyo, ndipo akatentha amasiya kugwira. Giyabokosi ya otomatiki nayo siigwira galimoto pamtsetse pokhapokha dalaivala ataitsitsa yekha giya. Pamwamba pa matumba nthawi zambiri pamakhala eni katundu, amayi a geni atakhala ndi ana kumsana.

Nkhani yomweyi imakhudzanso eni Land Cruiser za 75 ndi 79 zimene zimagulidwa pa okushoni mabungwe akazitaya. Injini yake ya 1HZ, ya malita 4.2 ndi masilinda 6, imatulutsa horsepower pafupifupi 130 yokha, ndipo ambiri amaiona ngati yaulesi. Kufatsa kumeneko ndiko kumaipatsa moyo wautali. Kuimangirira turbo n'kutsegula dizilo wambiri, pamene kompuresheni yake ndi yopitirira 22 kwa 1 ndipo mapisitoni ake sanapangidwire turbo, kwaphetsa injini zambiri zimene zikanayenda zaka zina khumi.

Ndiye pali mapepala, amene ambiri amawakumbukira atafika pa rodibuloko. Nambala ya injini imalembedwa m'zikalata za galimoto, zimene anthu amazitchabe kuti blue book. Injini ikasinthidwa, a nthambi yoona za pamsewu ya Road Traffic ayenera kudziwitsidwa kuti zolembedwa zifanane ndi zimene zili pansi pa boneti, ndipo pamenepo padzafunika umboni wa kumene injiniyo yachokera: lisiti ya wogulitsa yolembedwa nambala ya injini, ndi mapepala osonyeza kuti inalowa m'dziko muno kudzera ku MRA ngati ndi yochokera kunja. Popanda zimenezo, mavuto amadikira poyezetsa COF, posintha umwini, komanso pa zipata za Mwanza, Dedza, Mchinji ndi Songwe kwa amene amatuluka ndi galimoto. Injini imene nambala yake yapalidwa kapena kudindidwanso isagulidwe pa mtengo uliwonse, chifukwa apolisi akaipeza, wofunsidwa ndi amene ali nayo. A inshuwalansi nawo auzidwe mwa kalata. Kampani imene inavomera kuteteza pikapu ya malita 2.8 ili ndi poyambira kukana kulipira ikapeza V8 pa galimoto yochita ngozi imene siinauzidwe.

Pa mitengo, injini zonsezi zimachokera kunja, zambiri ku Japan, kudzera ku Durban, ku Dar es Salaam kapena ku Dubai, ndipo mtengo wake umatsata ndalama zakunja. Kwacha itatsika ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zipangizo za galimoto zinakwera nthawi yomweyo, ndipo ogulitsa ambiri satchula mtengo woti ukhale mwezi wathunthu. Izi zikutanthauza kuti ntchito yochedwa imadula kawiri. Galimoto imene yakhala pa mawe m'galaja miyezi itatu kudikira kachipangizo kochokera ku Johannesburg ikudya mpamba uku siikubweretsa kanthu, pamene makasitomala ake azolowera kale pikapu ya mnzake. Poyerekeza mtengo, masabata oima aja awerengedwe ngati ndalama.

Ilipo nthawi imene kusintha injini n'kwanzeru. Buloko ikang'aluka, kapena kirankishafiti ikadulidwa mpaka kufika pomaliza, kapena galimoto ikakhala ya mtundu umene zipangizo za injini yake sizipezekanso m'dziko muno, ovaholo imakhala kutaya ndalama. Ngati chasisi ndi yamoyo, yopanda dzimbiri ndi zowotcherera, kuika injini ina kumatsika mtengo kuposa kugula 4x4 ina. Pamenepo nzeru ndi kusankha injini imene kampani yomweyo inaikapo kale pa galimoto ya mtundu umenewo kapena woyandikana nawo, n'kuigula ngati half-cut, ndiko kuti theka lakutsogolo la galimoto lodulidwa ndi zonse zake: injini, giyabokosi, kompyuta, mawaya, radiyeta ndi zomangira. Imaoneka yodula pa tsiku logula, koma imapulumutsa maulendo makumi awiri a ku Malangalanga okasaka pulagi imodzi.

Injini ya kaunjika isagulidwe ndi maso. Ogulitsa amaitsuka mpaka kuwala, ndipo chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Wogula apite ndi makaniko wake, osati wa wogulitsa, aione ikulira kuchokera pozizira, atsegule chotsekera oyilo aone ngati muli phala lakuda kapena zoyera ngati mkaka, aone utsi wotuluka pamenepo, ndipo manambala a kompuresheni alembedwe pa lisiti. Galanti ikhale yolemba, ndipo masiku ake ayambe kuwerengedwa tsiku limene injini yalira m'galimoto, chifukwa galanti ya masiku 30 yoyambira tsiku logula imatha injini ikadali pansi m'galaja. Lamba wa tayiming'i asinthidwe injini isanalowe, popeza palibe amene akudziwa makilomita amene wayenda, ndipo pa injini za dizilozi akaduka amawononga mavavu. Ndi makaniko, mgwirizano ukhale wa ntchito yonse mpaka galimoto itayenda, zofunika zonse zitalembedwa, malipiro ake m'magawo. Funso labwino kumufunsa ndi loti asonyeze galimoto ina imene anaisinthapo chimodzimodzi, imene yatha chaka ikugwira ntchito, ndipo mwini wakeyo afunsidwe payekha.

Pomaliza pake galimoto idzagulitsidwa, ndipo msika wa 4x4 zakale m'dziko muno uli ndi khalidwe lake. Ogula Hilux yakale ambiri ndi alimi, amalonda ndi makontilakitala ang'onoang'ono, ndipo chimene amafunsa atatsegula boneti n'chakuti injini ndi yake yomwe kapena ayi. Ya 3L kapena 5L yosamalidwa imapeza wogula msanga. Yosinthidwa, ya mawaya omata ndi tepi ndi zomangira zowotcherera, imafuna munthu wapadera woikonda, ndipo munthu ameneyo amadziwa kuti ali yekha, choncho amanenerera mpaka pansi. Ndalama zimene zinalowa posintha sizioneka pa mtengo wogulitsira.

Gawo lomaliza la malipiro a makaniko lisatuluke galimoto itangozungulira m'tauni yopanda kanthu. Isenzetsedwe katundu wake wa masiku onse, ikwere chitunda chachitali masana dzuwa lili pamutu, geji ya kutentha ikuyang'aniridwa, itsike mbali inayo, ilowe giya ya low pamsewu wafumbi, kenaka igone usiku umodzi pa simenti youma kuti m'mawa pansi pake paoneke ngati padontha kanthu.